Mmene mungatulukire mumpingo wa mitala yokakamiza, ana anu ali m'manja

Mwana wa achemwali anga anafika pakhomo panga ku Chinsapo tsiku lina m'mamawa nyengo yozizira, khanda kumsana, wina akumukoka padzanja, pamutu atasenza ndowa yopanda madzi. M'ndowamo munali tizovala ta ana, mabuku awiri a kusikelo ndi chitenje chimodzi. Kumene ankachokera anatsanzika kuti akupita kumjigo. Anali mkazi wachinayi wa mkulu wina wa mpingo, ndipo banjalo analowamo chifukwa mneneri wawo anati waonetsedwa m'masomphenya. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ine ndi iye tinaphunzira m'chaka chotsatiracho, zina titapunthwa kale. Ndikulembera inu mayi amene mukuwerenga mobisa pa foni yobwereka, ndi inu mbale amene mukufuna kumuthandiza.

Ndiyambe ndamveketsa kuti sindikunena banja lililonse la mitala. Lamulo la maukwati la 2015 limaletsa mitala kwa amene anamanga ukwati wa kwa DC, koma silinailetse kwa amene anakwatirana mwachikhalidwe kapena m'chipembedzo chimene chimailola. Ine ndikunena mpingo umene mtsogoleri wake amagawa akazi ngati makuponi a feteleza. Mtsikana akangotha msinkhu, mkulu wina amayamba kumulota. Mayi woyembekezera saloledwa kupita kusikelo, amachirira kumsasa, ndipo akamwalira amati anali ndi tchimo limene sanaulule. Amayi anu okubalani, poti sapemphera nanu, amatchedwa a mumdima ndipo nsima yawo simuidya. Ndalama ya ganyu wanu imathera m'thumba la bambo kapena m'mbale ya mneneri, mukafunsa amakukhazikani pakati pa bwalo kuti mulape.

Zoterezi si za kuno kokha. Ku Zimbabwe mu 2021 anthu anakwiya dziko lonse mtsikana wosakwana zaka 16 atamwalira pobereka pamalo opempherera a mpingo wa Johane Marange. Ku America, Warren Jeffs, mtsogoleri wa kagulu ka mitala kotchedwa FLDS, anagamulidwa mu 2011 ku Texas kuti akhale m'ndende moyo wake wonse chifukwa chogona ndi atsikana awiri, wa zaka 12 ndi wa zaka 15, amene ankati ndi akazi ake auzimu. Ameneyu ndamutchula dala. Anthu ake ankamuona ngati pakamwa pa Mulungu, munthu woti khothi silingamukhudze.

Choyamba: tsekani pakamwa

Amayi ambiri amagwa pa kulengeza. Usiku wa ndewu, mtima utawawa, mumanena kuti "mawa ndikupita kwathu". Mawalo chitupa chanu chasowa, foni yalandidwa, mwana wamkulu watumizidwa kwa apongozi kutali, ndipo amayi a mumpingo akusinthana kugona nanu ati kukupemphererani. Mwamuna wankhanza amaopsa kwambiri pamene wazindikira kuti mkazi akumuchoka. Choncho phikani monga mwa masiku onse, valani chovala chanu cha mpingo, imbani nawo nyimbo. Wina anganene kuti n'chinyengo. Ine ndimati mayi amene ali ndi ana oti awatulutse m'nyumba yoyaka sapempha chilolezo kwa amene wayatsa.

Mkazi mnzanu musamuuze, ngakhale amene mumabwerekana naye mchere. Si kuti ndi woipa ayi. Mipingo yotereyi imakhala ndi nthawi youlula machimo, ndipo chinsinsi chanu chidzamulemera ngati tchimo lake lomwe. Akamupanikiza adzanena, akulira. Ana aang'ono musawauzenso, mwana wa zaka 5 sasunga nkhani.

Pali nthawi imodzi yokha imene kukonzekera konseku mungakuiwale. Ngati anakukanyanganipo pakhosi, anakutolerani chikwanje, kapena ananena kuti adzakuphani, tulukani lero ndi zovala zimene mwavalazo, mupite kupolisi kapena kuchipatala. Mapepala adzatsatira.

Chachiwiri: liyang'aneni tembererolo kumaso

Pakhomo pamene mwana wa achemwali angayo ankakhala panalibe ngakhale mpanda wa udzu. Chimene chinamusunga zaka 6 ndi mawu akuti wochoka amachita misala, mwana wake amamwalira, mimba yake imauma. Mawu amenewa musawapeputse, inu abale. Munthu amene wawamva kuyambira ali wamng'ono amawamva m'mafupa.

Koma taonani mmene amagwirira ntchito. Malungo amalowa m'nyumba iliyonse mu Lilongwe muno, ya Mkatolika, ya Msilamu, ya wosapemphera. Akadwala mwana wa munthu wochoka, mneneri amaimirira n'kunena kuti "mwaona?" Akadwala mwana wa mkulu wa mpingo, akuti ndi mayesero. Temberero lotere silingalephere, chifukwa chilichonse chimene chingachitike anachikonzera kale yankho. Yambani kuwerenga chamumtima. Mwa amene anachoka, ndi angati amene munawaona ndi maso anu atachita misala, osati kungomva paguwa? Nanga mwa amene anatsala, mwaika m'manda angati, amayi ofera pobereka ndi ana ofa ndi chikuku?

Adzakuwerengerani za Abrahamu, Yakobo, Davide ndi Solomo. Ngati Baibulo limafika m'manja mwanu, werengani nkhani zomwezo mpaka kumapeto, maso anu ali pa akaziwo. Hagara anathamangitsidwira kuchipululu ndi mwana ndi thumba la madzi. Leya ankabereka mwana ndi mwana akuyembekeza kuti mwina tsopano amukonda. Hana ankalira osadya chifukwa cha Penina, mkazi mnzake. Ine sindine m'busa, koma palibe amene anandionetsapo pamene panalembedwa kuti mkazi wothawa chibakera wathawa Mulungu. Ndipo malamulo aakulu a dziko lino amanena zinthu ziwiri momveka: munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo ndi chikhulupiriro, ndipo palibe munthu wokakamizidwa kulowa m'banja.

Musadikire kuti mantha athe kaye. Satha muli mkati. Amayamba kusungunuka mwezi ukadutsa muli kunja, ana akudya, akusewera.

Chachitatu: pezani munthu mmodzi wakunja

Mutu umodzi susenza denga, inde, koma mitu khumi imaulula. Sankhani munthu mmodzi amene sali mumpingomo, alibe ngongole kwa amuna anu, ndipo sadya nawo za mneneri. Kwa ife Achewa woyamba kumuganizira ndi malume, mwini mbumba, poti mwambo umamupatsa mawu pa inu ndi ana anu. Koma muyeseni kaye. Ngati ndi yemwe analandira mbuzi kapena ndalama pamene munkatengedwa, adzakubwezani yekha, atakugwirani dzanja. Zikatero ganizirani azakhali, mchemwali, mnzanu wa kusukulu, mphunzitsi wa mwana wanu, kapena mlangizi wa zaumoyo amene amayenda m'mudzi mwanu.

Kaya munthuyo alipo kaya palibe, lowezani nambala ziwiri: 5600 ya nkhani za nkhanza, ndi 116 ya nkhani za ana. Zonse n'zaulere ndipo amayankha ndi alangizi a bungwe la YONECO. Musazilembe papepala. Mukaimba, fufutani pa foniyo kuti zisaoneke. Ndi munthu wanu uja gwirizanani mawu wamba oti wina akamva asadabwe. Ife tinagwirizana kuti akatumiza uthenga wakuti "ufa watha", ndiye kuti ndikonze pogona.

Chachinayi: mapepala, mankhwala, ndalama

Zofunika ndi chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, zitupa za kubadwa za ana ngati zilipo, masatifiketi a sukulu, kalata iliyonse ya ukwati, ndi malisiti a katundu amene munagula kapena munasonkhapo, monga malata, makina osokera kapena malo. Tulutsani chimodzichimodzi, pansi pa chimanga popita kuchigayo, mukasiye kwa munthu wanu uja. Ngati bambo amakiyira zonse m'sutikesi, musathyole. Chitupa amapanganso ku ofesi ya NRB, bungwe la boma lopereka zitupa za unzika. Pamakhala kulipira ndi kudikira, koma chimatuluka. Chitupacho ndachiika patsogolo chifukwa popanda icho simungalembetse simu khadi m'dzina lanu, ndiye kuti Airtel Money kapena Mpamba yanuyanu palibe.

Ngati mumamwa ma ARV, kapena mankhwala a khunyu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, amenewo akhale oyamba kulowa m'ndowa. Ngati anakusiyitsani ma ARV ponena kuti pemphero lakuchiritsani, kachirombo kalipobe, ndipo mukangotuluka pitani kuchipatala mukanene tsiku limene munasiya. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa kufalitsa mabodza a mtundu umenewo.

Ndalama sizifunika zambiri: ya minibasi yanu ndi ana, chakudya cha masiku atatu, ndi mayunitsi. Musaisunge m'nyumba. Mukaiika pa foni, ikhale simu imene amuna anu saidziwa, chifukwa uthenga wa ndalama umalira nthawi imene simukuyembekeza. Banki mkhonde ndi wabwino, koma mudzi wonse umadziwa masheya a aliyense. Ndipo ndalama za amuna anu kapena za mpingo musazikhudze, ngakhale mukudziwa kuti ndi thukuta lanu lomwe. Mukatero, m'mawa mwake iwo ndi amene adzayambe kufika kupolisi, nkhani ya nkhanza n'kusanduka ya kuba.

Chachisanu: ana

Tengani ana anu. Amayi amene anasiya ana poganiza kuti adzawatenga akakhazikika ndi amene amavutika kwambiri. Mwana amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti amayi ake ndi hule, ndi mfiti, ndipo nkhani ikafika kukhothi mbali inayo imanena kuti anawataya yekha. Adzakuuzani kuti ana ndi a bambo, kapena ndi a mpingo. Lamulo silinena choncho. Makolo onse awiri ali ndi udindo pa mwana, ndipo akasemphana, khothi limayang'ana kumene mwanayo angakhale bwino. Ngati mwalephera kutuluka ndi onse, kaneneni tsiku lomwelo kupolisi ndi ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu ya kwa DC, zilembedwe kuti mukuwafuna ndipo munalepheretsedwa ndi chiyani.

Ana a akazi anzanu musawatenge, ngakhale akulirireni chotani. Umenewo ungasanduke mlandu wakuba mwana. Ngati akuzunzidwa, njira yake ndi 116.

Tsopano mvetserani izi, inu amene muli ndi mwana wamkazi. Ngati wayamba kusinkhuka ndipo mkulu wina wayamba kumutuma madzi, kumugulira nsalu, kapena mneneri wayamba kunena kuti Mzimu ukulankhula za mwana uyu, nthawi yanu yokonzekera yatha. Kuyambira 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, palibe ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, makolo avomere asavomere. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limaletsanso kukakamiza mwana kukwatiwa kapena kumutomeretsa. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa ndende, ndipo kunena kuti unaona masomphenya sikupulumutsa munthu pamaso pa woweruza. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu amene ankawalekerera. Ndiye amfumu a kwanu asakuuzeni kuti za mumpingo salowererapo. Ndipo ngati inuyo munalowetsedwa m'banjamo musanakwane zaka 18, nenani zimenezo kulikonse kumene mukapite. Zimasintha nkhani yonse.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku lenilenilo

Sankhani tsiku limene kutuluka kwanu sikudabwitsa: la kuchigayo, la maliro, la msika, kapena la msonkhano waukulu pamene amuna onse ali kumisasa. Usiku ndimaukana. Mayi woyenda ndi ana mumdima aliyense amamufunsa, ndipo minibasi kulibe. Katundu akhale woti mungathamange naye.

Mukangokhota, vulani mpango ndi chovala cha mpingo, muvale chitenje wamba. Chovala chija chimaoneka patali ndipo anthu amachikumbukira. Wakabaza wa pasiteji yanu musamukwere, amadziwana ndi amuna anu, yendani pansi mpaka siteji ina. Ngati mukuchokera ku Mitundu, Nsundwe, Nathenje kapena Lumbadzi, musachedwe m'depoti ya m'tauni, poti ndi pamene adzayambire kukufunani. Simu yakale ichotseni m'foni. Ndipo usiku woyamba ndi wachiwiri musagone kwa amayi anu, aliyense adzaganiza za kumeneko. Ngati mulibe pogona, nenani kupolisi kapena pa 5600, iwo ndi amene amadziwa kumene munthu angagonekedwe.

Chachisanu ndi chiwiri: chipatala, kenako polisi

Ngati muli ndi mabala, kapena munagwiriridwa, kaya ndi mneneri pokupemphererani kaya ndi wina aliyense, yambani ndi chipatala. Ku Kamuzu Central kuli malo otchedwa One Stop Centre kumene achipatala, apolisi ndi a chisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi, kuti musafotokoze nkhani yowawa m'maofesi asanu. Nthawi ndi yofunika. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa asanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira mkati mwa masiku 5, koma kufulumira ndi kwabwino. Ngati mungathe musasambe, ndipo zovala zimene munavala musazichape, zikulungeni m'nyuzipepala osati m'jumbo ya pulasitiki. Bala lililonse lilembedwe. Anthu a mumpingo sadzakuikirani umboni, koma lipoti la dokotala mneneri sangaliopseze.

Ngakhale mulibe bala, kayezetseni magazi. M'mitala nthenda ya mmodzi imayenda nyumba zonse. Ngati muli woyembekezera, yambani sikelo sabata yomweyo, ku Bwaila kapena pachipatala chaching'ono chapafupi. Ana amene sanalandirepo katemera apiteni nawo. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina wa mu Lilongwe momwe muno wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 nthendayi isanaonekenso m'dziko muno. Mwina namwino akalankhula mokalipa kuti munali kuti nthawi yonseyi. Mezani malovu, mwana abayidwe.

Kupolisi funsani ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, imene ambiri amangoti VSU. Ili pa mapolisi monga a Lilongwe ku Area 3, Kawale, Lingadzi ndi Kanengo. Musangoti "amandizunza". Nenani zimene zinachitika, liti, kuti, ndi chiyani, ndani analipo. Lembani dzina la amene wakuthandizani ndi nambala ya nkhani yanu. Ku VSU amakonda kuitana mbali zonse kuti agwirizanitse banja, ndipo pa mabanja ena zimathandizadi. Inu nenani poyera kuti simunabwere kudzayanjanitsidwa, mukuopa moyo wanu, ndipo kumene mukugona asauzidwe.

Ife pa ofesi ina imene sindiitchula tinapeza bambo amene anangomvera theka la nkhani n'kunena kuti "mayi, za banja zimathera kwa ankhoswe". Tinabwerera kunyumba ngati tanyowa ndi mvula, tinataya sabata yathunthu. Ndikanadziwa ndikanapempha kuonana ndi mkulu wa pamalopo tsiku lomwelo, kapena kupita pa ofesi ina. Bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene likulu lake lili mu Lilongwe muno, limalandiranso madandaulo a anthu amene akanizidwa thandizo. Ndipo musapite nokha. Mayi amene wakhala zaka akuuzidwa kuti asayankhe mwamuna, bambo wa yunifolomu akangokweza mawu amagwada.

Chachisanu ndi chitatu: khothi

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limakulolani kupempha kukhothi la majisitireti chikalata choletsa munthu kukumenyani, kukuopsezani kapena kufika kumene mukukhala. Pakakhala zoopsa, khothi likhoza kupereka chiletso chakanthawi mwamunayo asanaitanidwe n'komwe, ndipo akachiphwanya akhoza kumangidwa. Chikatuluka, yendani nacho m'chikwama, china chikhale kwa munthu wanu uja. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ndi maloya a boma othandiza anthu ovutika ndipo ali ndi ofesi mu Lilongwe. Bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association limathandizanso pa nkhani zotere.

Adzakuuzani kuti inu simunali mkazi weniweni, munalibe setifiketi, ndiye palibe chanu. Lamulo la 2015 lija limazindikira ukwati wa kwa DC, wachikhalidwe, wachipembedzo, ndiponso wa anthu amene akhala limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera 5, khothi likaona kuti zinalidi choncho. Wanu ukugwera pati, ndi khothi liti lingauthetse, loya ndi amene akakuuzeni. Malamulo aakulu a dziko amati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa awiriwo, ndipo apa ndi pamene malisiti aja amalankhula. Chisamaliro cha ana sichidalira setifiketi ya ukwati. Bambo ndi bambo, ayenera kupereka. Komabe ndikuuzeni zoona: bambo wa ana 20 adzalira umphawi, milandu imachedwa, ndipo musaike mphika pamoto podalira ndalama imeneyo.

Kumene kunaperekedwa malowolo adzati mubweze kaye. Imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu a mbali ziwiri ndi khothi. Inu si chikole choti mukhale m'nyumba yomenyedwa mpaka ng'ombe zipezeke.

Akabwera kudzakutengani

Abwera ndithu, ndipo kawirikawiri amayamba mofewa. Amayi a mumpingo ndi paketi ya shuga ndi nyimbo imene mumaikonda. Kenako bambo mwini wake, wogwada, misozi ili mbwembwe. Zikakanika amadutsira kwa abale anu ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira. Pomaliza limabwera temberero, nthawi zina ndi tsiku lake lomwe limene akuti mudzafa.

Musakumane nawo muli nokha. Musavomere kupita kukapemphereredwa komaliza, kapena kukatenga katundu wanu. Katundu akatengedwe pali wapolisi kapena amfumu, ndipo ngati ndi mapoto ndi mphasa, asiyeni. Ngati nkhoswe yanu imapemphera mumpingo womwewo, imeneyo ndi nkhoswe ya mneneri, pezani wachibale wina wokuimirirani. Mauthenga oopseza musafufute, ndi umboni. Ana mukawalembetsa sukulu yatsopano, kaonaneni ndi ahedi muwauze mayina a anthu okhawo amene angatenge mwana. Zithunzi za kumene mukukhala zisapite pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo achinyamata a pakhomo pamene mwafikira muwauze zomwezo.

Ngati munachokapo kale n'kubwerera, musachite manyazi kugogodanso. Ambiri amatero. Mwana wa achemwali angayu ulendo wa ndowa uja unali wachiwiri. Woyamba anakhala masiku 9, khanda linatentha thupi, anaganiza kuti temberero lafika, anabwerera usiku osanditsanzika. Ndinakwiya, ndinalankhula mawu oipa amene anamufika, ndipo anakhala chaka china chathunthu akuopa kundiimbira. Inu abale, akabwerera mungomutumizira mawu amodzi, kuti chitseko sichinakiyidwe.

Miyezi yotsatira

Palibe amene anatichenjeza kuti adzausowa mpingowo. Tsiku la mapemphero likafika ankangokhala pakhonde, manja pamiyendo. Kumeneko kunali nyimbo, anzake, ndi munthu womuuza chochita kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kuno ngakhale kusankha ndiwo pamsika kunkamuzunguza mutu. Ankalota mneneri. Zimenezi sizitanthauza kuti munalakwitsa kuchoka. Pitani kwa alangizi, ku One Stop Centre kuja kapena pa 5600. Ngati tulo tasowa masabata, kapena maganizo odzipha akubwera, uzani munthu tsiku lomwelo. Ku Bwaila kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo a St John of God alinso ndi chipatala mu Lilongwe. Kupita kumeneko si misala imene anakuloserani ija. Ndi bala la zaka zambiri limene likufuna kutsukidwa ngati bala lina lililonse.

Musathamangire mneneri wina, ndipo musathamangire mwamuna wina. Njala ndi kusungulumwa zimachititsa munthu kuona aliyense womwetulira ngati mpulumutsi, ndipo mu Lilongwe muno aneneri ali pa ngodya iliyonse. Mukafuna kupempheranso, khalani kumbuyo miyezi ingapo mukuona. Kodi amene wasiya kubwera amamunena zotani? Kodi odwala amawauza kuti apite kuchipatala? Kodi ndalama amaziwerenga pagulu?

Za m'mimba yambani ndi chimene manja anu akudziwa: kuchapa, kusoka, mandasi, tomato, kapena kaunjika wochepa wogula ku Tsoka n'kumayenda naye m'makomo. Tsopano banki mkhonde mukhoza kulowa poyera. Ana alowe sukulu ngakhale kalata ya kusukulu yakale isanafike, kafotokozeni kwa ahedi. Pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994. Mtsikana amene anabereka ali pasukulu, ndondomeko ya boma imamulola kubwerera m'kalasi. Kwa inu amene anakuchotsani musanadziwe kulemba, sukulu za kwacha zilipo, ndipo kulemba dzina lanu nokha pa chikalata cha khothi kumakoma.

Otsala m'mbuyo adzakuwawani mtima, makamaka wamng'ono amene analowa inu mutachoka. Musabwerere kukamutenga nokha, mungagwidwe nonse. Ngati ndi mwana, imbani 116 munene mudzi, dzina la mpingo ndi zaka zake. Ngati ndi wamkulu, dikirani akufuneni yekha, ndipo nambala yanu yatsopano isiyeni kwa munthu mmodzi wakunja amene angamufikire. Kwathu foni inalira patatha miyezi 8, madzulo tikusenda mbatata. Anali mkazi wachiwiri, yemwe kale ankamuneneza kwa bambo, akunong'ona pa foni ya wogulitsa makala. Mwana wa achemwali anga sanamufunse zakale. Anamutchulira 5600 ndi 116 kawirikawiri mpaka analoweza, anamuuza kuti asauze aliyense, ndipo afufute nambalayo asanabweze foni kwa mwini wake.